MWANA WOFUNA NCHITO YA MAWEBUSAITI AYAMBE NDI KUONETSA ZA MANJA AKE

Amene anadutsako mu mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga adziwa mmene amisiri a kumeneko amapezera makasitomala. Wowocerera zitsulo sakhomeka setifiketi pa mtengo ai. Iye amaimika mageti, zitseko ndi mafulemu a mawindo m'mbali mwa mseu, ndipo wodutsa akaona kuti nchito ndi yaukhondo, amaima ndi kufunsa mtengo. Ife makolo a m'makomboni a Lusaka, pamodzi ndi abale athu alimi amene ana ao akhala nafe kuno, tikumbukire zimenezi pamene mwana wotsiriza Giredi 12 atiuza kuti afuna kukhala wopanga mawebusaiti, pakuti nchito iyi nayonso imayenda motero.

Webusaiti ndi malo a pa intaneti pamene sukulu, sitolo kapena kopaletivu ya alimi imalembapo dzina lake, zimene icita, mitengo ndi kumene ipezeka. Amisiri ake ali pawiri. Wina amakonza maonekedwe, kuti wowerenga pa foni yaing'ono apeze msanga cimene afuna. Wina amalemba malangizo amene kompyuta imatsatira. Zida zoyambira ndi zitatu, ndipo tingaziyerekeze ndi kumanga nyumba: HTML ndiye njerwa ndi zipupa, CSS ndiye pulasitala ndi penti, JavaScript ndiye mahinji ndi maswichi, zimene zimayenda munthu akakhudza. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amawapangira ndi WordPress, imene ili monga nyumba yomangidwa kale yofuna kumalizitsa cabe.

Nchitoyi si yacilendo m'dziko lathu. Intaneti inafika mu 1994 kudzera ku ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesite ya UNZA. Mu 2011 munatsegulidwa BongoHive muno mu Lusaka, malo okumaniranapo acinyamata a luso la makompyuta, ndipo gulu la Asikana Network linayambika kuti nao atsikana asatsalire.

Nanga mwana aphunzire kuti? Pali UNZA, pali Evelyn Hone College, palinso makoleji ena ambiri, koma tisanalipire ngwee iliyonse tifunse ngati kolejiyo inalembetsedwa ku TEVETA kapena ku bungwe loona za maphunziro apamwamba. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, ndipo gawo lina linapatulidwa kulipirira acinyamata maphunziro a luso. Zofunsa za thandizoli tipite nazo ku komiti ya citukuko ya mu wadi yathu. Palinso maphunziro aulere pa intaneti, monga a freeCodeCamp, amene afuna cabe Cingelezi, khama ndi ndalama ya ma bundle.

Tisanamizane, zolipira zilipo. Foni yokha siikwanira, pafunika laputopu ngakhale yogwirapo kale nchito. Malaiti naonso ndi nkhani: m'cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, m'makomboni tinali kukhala pafupifupi tsiku lonse mumdima, ndipo ophunzira anali kudzuka pakati pa usiku malaiti akabwera. Conco inu atate ndi amai a kumudzi, musanagulitse ng'ombe kapena matumba a cimanga, muuzeni mwana abwereke kompyuta kwa mnzake miyezi itatu, apange kanthu, akuonetseni pa foni yanu. Wofunadi nchito adzabwera nako. Wofuna laputopu yoonerapo mafilimu adzabwera ndi nkhani.

Nchito yoyamba isafunidwe kutali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mtsikana wina wa m'komboni mwathu anatumiza makalata ofunsira nchito kwa caka cathunthu osayankhidwa. Pambuyo pake anapangira kasukulu ka pafupi ndi kwao webusaiti ya masamba atatu, yoonetsa fizi, masiku otsegulira ndi njira yofikira pamalopo. Mmodzi mwa makolo a pa sukulupo, wogulitsa zomangira nyumba, anaiona ndi kumuitana. Pofika pa nchito yacinai anali ndi zoonetsa, monga mmisiri wa pa mseu uja, ndipo pamene anapitanso kukafunsira nchito m'tauni sanamufunse za magiredi, anati atsegule zimene anapanga.

Koma anaphunziranso mowawa. Kasitomala wina analandira nchito yonse, nati adzalipira kumapeto kwa mwezi, ndipo mwezi umenewo sunathe kufikira lero. Ana athu atengere kwa akalipentala: theka la ndalama poyamba, theka pomaliza, ndipo zonse zilembedwe pa pepala. Auzenso kasitomala poyera kuti dzina la webusaiti ndi malo oisungirapo zimalipiridwa caka ndi caka monga lendi, cifukwa mikangano yambiri imabuka pamene webusaiti yazima mwini wake osadziwa cifukwa. Makasitomala akacuruka, alembetse dzina la bizinesi ku PACRA ndi kutenga TPIN ku ZRA, pakuti makampani ndi mabungwe akuluakulu amafuna mapepala amenewa. Afunsenso ku ICTAZ, bungwe limene lamulo la mu 2018 linapatsa mphamvu yolembetsa ogwira nchito za makompyuta.

Ambiri amalota za kugwirira azungu a kunja kudzera pa Upwork kapena Fiverr ndi kulandira madola. N'zotheka, koma kumeneko mwana wa ku Kanyama apikisana ndi anzake a ku India, Nigeria ndi Kenya, ndipo watsopano wopanda mboni amadikira nthawi yaitali. Ndiponso kuyambira mu 2022, mapulogalamu monga ChatGPT akutha kulemba tsamba wamba m'mphindi zocepa. Cimene makinawo sangacite ndico kukhala pansi ndi amai oweta nkhuku ku Chawama, kumva vuto lao m'cinenero cao, ndi kuwakonzera njira yolandirira maoda ndi malipiro a pa foni. Apo ndiye pali mwai wa ana athu.

Comaliza, ticenjere ndi nchito zonyezimira. Mu April 2024, a DEC anagwira anthu 77 pa kampani ina ku Roma imene inali kubera anthu pa intaneti, ndipo ambiri a iwo anali acinyamata a kuno kwathu amene anauzidwa kuti apeza nchito ya pa kompyuta. Mwana akati walembedwa nchito, timufunse dzina la kampani, cimene ipanga, ndi amene amugwirira. Wina akafuna ndalama kuti amulembe nchito, ameneyo ndi wakuba.

Tiyeni tsono madzulo ano tikhale pansi ndi mwana uja amene timamudzudzula kuti angokhalira kudinda kompyuta, timuuze atsegule atisonyeze zimene wapanga. Ngati zilipo, timuuze dzina la munthu mmodzi wa bizinesi amene timudziwa, apite mawa akamuonetse.