Akatswiri Ofufuza Maselo Osawala

Pakati pa anthu ogwira ntchito m'malabotale a zamagazi pali kagulu kochepa ka akatswiri amene luso lawo lagona pa kuzindikira maselo amene sakuwala. Katswiri wotere amadontheza m'magazi mankhwala otchedwa antibody, omwe ndi mapuloteni okakamira chinthu chimodzi chokha chimene anapangidwira, ndipo mankhwalawa amakhala atamatidwa utoto umene umanyezimira ukawombedwa ndi kuwala kwa laser. Utoto wa FITC umawala mobiriwira, pamene wa phycoerythrin, wochokera ku ndere za m'nyanja, umawala mwachikasu chofiirira. Njirayi anaiyamba ndi Albert Coons ku Harvard mu 1941, koma inafala kwambiri Georges Köhler ndi César Milstein atapeza mu 1975 kapangidwe ka ma antibody ambirimbiri ofanana ndendende.

Chimene akatswiriwa amasaka ndi mapuloteni oteteza selo ku complement, gulu la mapuloteni a m'magazi amene amaboola khungu la tizilombo toyambitsa matenda, ndipo akhoza kuboolanso maselo a mwini thupi ngati palibe chowaletsa. Zowaletsazo ndi monga CD35, CD46, CD55 ndi CD59. Pa nthenda yosowa yotchedwa PNH, jini ya PIGA imawonongeka m'mafuta a m'mafupa, kotero kuti maselo ena amabadwa opanda chomangirira CD55 ndi CD59, ndipo maselo ofiira amaphulika mpaka mkodzo kuda ndi magazi kuchepa. Kale nthendayi inkayezedwa ndi njira ya Ham, yothira maselo m'madzi a magazi owawasitsidwa, koma lero magazi amadutsa m'makina a flow cytometry, amene amandandalika maselo limodzilimodzi pamaso pa laser n'kuonetsa selo lililonse ngati kadontho pa kompyuta.

Kulandira magazi, kuwasakaniza ndi kuwatsuka ndi ntchito ya masiku onse. Povuta ndi pakuti selo losawala likhoza kutanthauza zinthu ziwiri zosiyana kotheratu: mwina wodwalayo alibedi puloteniyo, kapena mankhwala ndi amene afa chifukwa anatenthedwa m'njira, anasiyidwa poyera pa kuwala, kapena anapitirira tsiku lake. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amalangiza ophunzira awo kuti asakhulupirire makina asanayeze magazi a munthu wabwinobwino, amene maselo ake ayenera kuwala onse. Amawakumbutsanso kufunsa ngati wodwala anaikidwa magazi posachedwapa, popeza maselo ofiira a wopereka magazi amawala bwino n'kubisa maselo odwalawo, ndipo pa chifukwa chimenechi amayezanso maselo oyera pogwiritsa ntchito mankhwala a FLAER. Pamapeto pake dzanja la katswiri ndi limene limajambula malire pa kompyuta, kulekanitsa maselo owala bwino, owala pang'ono ndi osawala konse, ndipo malirewo akasuntha pang'ono munthu wodwala angauzidwe kuti ali bwino, kapena wabwino kuti akudwala.

Madandaulo a akatswiriwa amafanana m'mayiko ambiri osauka. Kabotolo ka antibody, kochepa kuposa chala, kamagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, kamayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 mumdima, ndipo magetsi akazima usiku popanda jenereta, ntchito ya miyezi ingapo ikhoza kuwonongekera m'firiji. Amadandaulanso kuti makina akafa amadikira nthawi yaitali wowakonza, komanso kuti mayina awo saoneka kawirikawiri pa malipoti a kafukufuku amene manja awo anagwira.

Luso limeneli silachilendo ku Africa, pakuti makina a mtundu womwewu akhala akuwerenga CD4 mwa anthu amene ali ndi HIV m'Malawi ndi m'Zambia, ndipo ofufuza a kumadzulo kwa Kenya anapeza kuti ana ochepa magazi kwambiri chifukwa cha malungo amakhala ndi CD35 ndi CD55 zochepa pa maselo ofiira. Boma kapena bungwe limene limagula makina okwera mtengo koma osaphunzitsa, osalipira bwino ndi osasunga anthu owayendetsa limakhala lagula manambala amene dokotala sangawadalire pochiza wodwala.