Nyerere pa Mkodzo

Munthu akayamba kuonda m'komboni, anansi amanong'onezana za ufiti kapena za kacirombo. Koma nthawi zina bvuto lace ndi nthenda ya shuga. Wodwalayo amamva ludzu losatha, amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, m'maso mumacita nkhungu, ndipo cironda ca kuphazi cimakana kupola. Ena amaona nyerere zitaunjikana pamene anakodza, pakuti impso zimataya shuga amene thupi lalephera kugwiritsa nchito, insulin ikacepa kapena ikaleka kumveka m'thupi.

Kupimitsa sikutenga nthawi: dontho limodzi la magazi a kucala, ku cipatala ca Kanyama, Matero kapena Chawama. Wocedwa angathe kutaya maso kapena mwendo.

Ufa woyera wa breakfast, umene ambiri amaunyadira, ucepekedwa ndi wa roller, pakuti gaga wace anacotsedwa. Nsima icepe, cibwabwa, kalembula ndi nyemba zicuruke, vitumbuwa ndi zakumwa zozuna zikhale za apo ndi apo. Bungwe la WHO limalangiza mphindi 150 pa mlungu za kuyenda mwamphamvu. Wa ku Mtendere wotsikira minibasi pa Kalingalinga, natsiriza ulendo pansi, wayambapo kale.