Kusamuka m'malokeshoni a ku Harare: mtunda ndiwo umalamula

Mwezi ukamatha, m'misewu ya ku Mbare, Mufakose kapena Mabvuku mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, si chachilendo kukumana ndi ngolo yokankha itasenza bedi, mapoto ndi thumba la ufa. Limenelo ndi banja lokhala m'nyumba ya lendi likusamuka. Mwina lendi yakwera, banja lakula, kapena mwini nyumba akufuna chipinda chake. Koma mukaitsatira ngoloyo, kawirikawiri siipita kutali. Imangokhota misewu iwiri itatu n'kuima.

Khalidweli si la ku Harare kokha. M'chaka cha 1885, Ernst Ravenstein, ataunika kalembera wa ku Britain, adapeza kuti anthu ambiri osamuka amapita pafupi.

N'chifukwa chiyani pafupi?

Choyamba ndi uthenga. Chipinda cha lendi sichilengezedwa m'nyuzipepala. Mbiri yake imamveka kutchalitchi, kumzikiti kapena pamjigo, ndipo mwini nyumba amakhulupirira munthu amene anansi akumudziwa.

Chachiwiri ndi ntchito. Mayi amene amapikula tomato m'mbandakucha pamsika wa Mbare Musika, akasamukira ku Chitungwiza, mtunda wa makilomita oposa 20, phindu lake limathera pa minibasi, ndipo makasitomala ake amatsala.

Chachitatu ndi munda. Mabanja ambiri amalima chimanga m'madambo ndi m'malo opanda nyumba a mumzindawu. Munda sukwera ngolo.

Lokeshoni ndiyo mudzi

Kwa mbumba ya Amalawi amene adapita kukagwira ntchito m'dzikolo m'nthawi ya atsamunda, nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Ambiri adakhazikika ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Adzukulu awo adabadwira komweko, ndipo ambiri alibe mudzi wina m'Zimbabwe woti angathawireko zinthu zikavuta. Magulu othandizana pa maliro, mipingo, mizikiti ndi Gule Wamkulu, zonse zili m'lokeshoni momwemo. Kusamukira kutali kuli ngati kuchoka pamudzi.

Pamene anthu adasamutsidwa mokakamiza

Mu Meyi 2005, boma la Zimbabwe lidayamba kugwetsa nyumba ndi misika imene lidati idamangidwa mosatsata malamulo, pa ntchito yotchedwa Operation Murambatsvina. Zipinda zakuseri kwa nyumba, momwe munkakhala anthu a lendi, zidagwa. Lipoti la nthumwi ya bungwe la United Nations, Mayi Anna Tibaijuka, lidati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonselo adataya pokhala, popezera ndalama, kapena zonse ziwiri.

Anthu adauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Nanga wopanda mudzi akadalowera kuti? Ena adawatengera ku Caledonia, kenako ku Hopley, m'mphepete mwa mzinda, kumene madzi abwino, sukulu ndi chipatala zinali zosowa. Ena adasankha kupanikizana ndi abale m'chipinda chimodzi m'malokeshoni akale, kusiyana n'kutalikira msika umene unkawadyetsa.

Phunziro kwa alangizi

Inu amene mumagwira ntchito za chitukuko ku Lilongwe, Lusaka kapena Tete, tsiku lina mudzafunsidwa kuthandiza kusamutsa mabanja, kaya chifukwa cha madzi osefukira kapena msewu watsopano. Musanawerenge mapuloti, yambani mwafunsa eni ake: kuntchito adzalipira zingati patsiku? Ana adzayenda mtunda wotani popita kusukulu? Odwala adzalandirira kuti mankhwala? Maliro akagwa, adzabwera ndani? Ngati n'kotheka, apezereni malo m'dera lawo lomwelo, kapena asamutseni pamodzi ndi anansi awo. Kupanda kutero, ambiri adzasiya malo atsopanowo n'kubwerera kukachita lendi kumene adachokera.