ALENDO A CIKWAMA KUMSANA AONERA KATETE PA ZENERA LA BASI

Basi yocokera ku Lusaka ikaima pa Sinda kapena pa Katete, amai ogulitsa nthoci, nshawa ndi cimanga coocha amathamangira ku mazenera ndi malicero pamutu. M'miyezi ya cilimwe, kuyambira Juni kufikira Okutobala, pakati pa okwera kawirikawiri pamakhala mnyamata kapena mtsikana wa kunja, wa malaya ofwifwa ndi nsapato zodzala fumbi, amene katundu wake yense ali m'cikwama cimodzi cacikulu cobereka kumsana monga mwana. Amatulutsa dzanja pa zenera, nagula nthoci ziwiri zitatu, basi niinyamuka. Za Katete zimene adzakumbukire ndi phiri la Mphangwe limene analiona patali, ndi nthocizo.

Anthu ambiri amazizwa kuona mzungu atapanikizana ndi matumba a ufa m'basi, pakuti kunazolowereka kuti mlendo wa kunja amayenda pa ndeke kapena pa galimoto yakeyake. Koma awa ndi alendo a mtundu wina. Ena ndi ophunzira amene angotsiriza sukulu, ena ndi anchito wamba amene anasunga ndalama caka cimodzi kapena ziwiri kuti adzaone maiko a mu Africa kwa miyezi ingapo. Kuti ndalamazo ziwafikitse patali, amakwera basi ya anthu onse, amagona m'tenti kapena m'cipinda ca mabedi ambiri, ndipo amadya nsima ya pa msika. Ena amalowera pa malire a Mwami kucokera ku Lilongwe, ena amacokera ku Livingstone kumene anakaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mu Novembala 2022 Boma linacotsa visa kwa alendo a maiko ambiri, monga Britain, America ndi maiko a ku Ulaya, ndipo kwa munthu wowerenga ngwee iliyonse cimeneci si cinthu cacing'ono.

Cimene cimawakoka m'Cigawo ca Kum'mawa ndi mtsinje wa Luangwa. Akafika ku Chipata, makilomita pafupifupi 90 kucokera ku Katete, amakwera kabasi kotsikira ku Malambo, ulendo wa makilomita oposa 100 kukafika ku Mfuwe. Mseu umatsika mapiri, kamphepo ka kumtunda nikatsala m'mbuyo, ndipo mitengo ya tsanya ndi milambe ikayamba kuoneka ndiye kuti cigwa cafika.

Luangwa amayambira ku mapiri a Mafinga, kumpoto, nakathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira. Ndi mtsinje woyenda mokhotakhota, wosintha njira zaka zikamapita ndi kusiya mathawale m'mbali mwake. Dzuwa likakula madzi amaphwa, pamatsala maiwe pakati pa mcenga, ndipo nyama zonse zimakakamizika kutsikira kumtsinje. Mvuu zimaunjikana mazanamazana m'maiwemo, ng'ona zikuothera dzuwa pa mcenga. Njovu, njati, mbidzi ndi nswala zimabwera kudzamwa, mikango ili cheru m'mbali. Kuli nyamalikiti ya mtundu wochedwa Thornicroft imene siipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'cigwa cimeneci. Ca m'Seputembala mbalame zofiira zikwizikwi zimakumba mauna m'magombe a mtsinje ndi kuikiramo mazira, kotero kuti gombe lonse limaoneka ngati lavekedwa nsalu.

Pafupi ndi ulalo wa Mfuwe, kunja kwa malo osungirako nyama, kuli misasa ya mtengo wotsika imene inamangidwa pa gombe penipeni. Mlendo amalipira malo okhomapo tenti yake, naphika yekha, ndipo zambiri amaziona ali cikhalire pa mpando, pakuti nyama sizidziwa malire. Njovu zimaoloka mtsinje ndi kudutsa pakati pa matenti, ndipo usiku mvuu zimatuluka kudzadya msipu pafupi ndi pamene munthu wagona. Lamulo la pa misasa yotere ndi lakuti cipatso cisagone m'tenti, ndiponso munthu asayende yekha mumdima popanda mlonda. Amene wamva za ukali wa mvuu ikatsekeredwa njira ya kumadzi sangalione ngati lamulo lacibwana.

Wofuna kulowa m'kati amasonkherana ndi anzake galimoto yopanda denga, m'mamawa kapena madzulo. Kukada amayatsa nyali yaikulu kufunafuna nyalugwe, amene cigwaci cinachuka naye. Ena amayenda pansi, wotsogolera wodziwa mapazi a nyama ali patsogolo pamodzi ndi mlonda wa Boma wonyamula mfuti. Za boti n'za nyengo ya dzinja: kuyambira ca m'Janyuwale kufikira Malici kapena Epulo mtsinje umadzala, madzi nalowa m'mathawale ndi pansi pa mitengo, ndipo misasa ina imatenga alendo pa madzi. Nthawi imeneyo mitengo ya malo ogona imatsika, ndiye cifukwa cake ena a cikwama amasankha kudza mvula ili kugwa.

Nchito imeneyi inayamba ndi mfumu. M'caka ca 1950 Norman Carr, amene anali wa nchito yoyang'anira nyama, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti mbali ina ya dziko lake ipatulidwe, pamangidwe msasa wa alendo odzaona nyama ndi kuzijambula m'malo mozipha, ndipo ndalama zake zipite kwa eni dziko. Malo a kumwera kwa cigwa anali atapatulidwa kale mu 1938, ndipo mu 1972 anasandulika South Luangwa National Park, ya masikweya kilomita 9,050. Zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zinali zowawa: opha nyama mobisa anacepetsa njovu kwambiri, ndipo cipembere anacitheratu. Zipembere zinabwezedwa mu 2003 kucokera ku South Africa, koma ku North Luangwa kokha. Nawonso alimi a ku Malambo ali ndi dandaulo lao, pakuti njovu imene mlendo amaijambula masana ndiyo imene imathyola nkhokwe usiku. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa makomiti a m'midzi olandirako gawo la ndalama za nyama, koma munda wodyedwa mu Malici sudikira msonkhano wa komiti.

Pa nkhani ya ndalama, mlendo wa ndeke ndi mlendo wa cikwama amasiyana. Woyambayo amalipira zambiri, koma kawirikawiri amalipiriratu ali kwao, natera pa bwalo la ndeke la Mfuwe, ndipo Sinda ndi Katete amaziona ali m'mitambo. Wa cikwama amalipira zocepa, koma amazipereka pamanja: kwa kondakitala, kwa wa njinga, kwa mai wophika nsima, kwa wosema mipando, kwa mwini nyumba ya alendo. Ndiponso sakhala pa cangu. Akamva kuti pali coona, amatsika basi.

Umboni wake ulipo ku Katete komweko. Pafupi ndi cipatala ca St Francis pali Tikondane Community Centre, imene inayamba mu 1999, ndipo ili ndi zipinda zocereza alendo otere. Amagona usiku umodzi kapena kuposerapo, amadya zakudya za kuno, amapita ku midzi pa ngolo ya ng'ombe, ndipo ndalama zimathandiza pa maphunziro ndi nchito zina za pamalopo. Ku Malambo nako, mudzi wa Kawaza unayamba mu 1997 kulandira alendo ogona m'nyumba za udzu ndi kudya pa mphasa. Awerengi asausokoneze mudzi umenewu ndi dera la Mfumu Kawaza la kumtunda kuno. Dzina ndi limodzi, malo ndi awiri.

Zoti mlendo atsikire basi zilipo. Kumapeto kwa Ogasiti Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo nthawi imeneyo ndiyo imenenso alendo amacuruka ku Luangwa. Gule Wamkulu analengezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kukhala cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. M'mapanga a Makwe ndi Mkoma muli zojambula za anthu akale. Boma la Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, caka cimene Sinda nayenso anakhala boma, lili kutali ndi mseu waukulu, ndipo mapiri ake a m'malire ndi ocepa alendo amene anawaponda. Cimene cimasowa kwambiri ndi munthu wouza mlendo kuti zinthuzi zili kuti, adzapitako bwanji, ndipo adzagona pati.

Zofuna za mlendo wotere si zapatali: cipinda cosesa bwino, neti ya udzudzu yosang'ambika, cimbudzi caukhondo, madzi owiritsa, ndi mtengo umodzi wosasintha poona khungu. Amauzana zonse pa intaneti, zabwino ndi zoipa zomwe, kotero kuti amene wakweza mtengo wa mbale ya nsima lero akhoza kuthamangitsa alendo a caka camawa. Komanso kucereza si kugulitsa mwambo. Za ku dambwe n'za eni ake, ndipo kamera siiyenera kuloza gule kapena munthu aliyense popanda cilolezo ca mfumu ndi mwini nkhope.

Codabwitsa ndi cakuti mnyamata wa ku Germany amaoloka nyanja kudzaona mvuu za mu Luangwa, pamene m'midzi ya Katete, Sinda ndi Vubwi muli akuluakulu a imvi amene sanaonepo njovu ndi maso, ngakhale kuti madzi a Lupande ocokera kumtunda kuno amakathira mu Luangwa yemweyo. Munthu wonyamuka pa Katete m'mamawa akhoza kugona ku Mfuwe tsiku lomwelo. Nzika ya Zambia imalipira ndalama zocepa kwambiri pa cipata poyerekeza ndi wa kunja, malinga yaonetsa citupa cake. Sukulu, mpingo kapena kalabu ya alimi ikasonkherana galimoto imodzi itagulitsa nshawa ndi thonje, ulendowo ndi wotheka. Opita mu Okutobala anyamule madzi okwanira ndi cipewa, pakuti dzuwa la ku Malambo mwezi umenewo silifanana ndi la ku Mkaika.