CHIFUKWA NINJI ANA ENA ASINZA M'SUKULU?

Aphunzitsi ambiri a m'midzi adandaula kuti ikamakwana 10 koloko ana ena ayamba kusinza, ndipo zimene anaphunzira dzulo lero aziiwala. Kawiri kawiri mwana wotere atchedwa waulesi kapena mbuli. Koma madotolo anena kuti nthawi zambiri mlandu suli wa mwanayo ai. Uli pa chakudya chimene adya kwao ndi pa tulo timene agona.

Ubongo ndi chiwalo chaching'ono. Mwa munthu wamkulu ulemera ngati mapaundi 3 okha, komabe pa mphamvu yonse imene thupi lipeza m'chakudya, ubongo utengapo gawo limodzi mwa magawo 5. Mwa mwana gawolo likula koposa. Tsono ubongo ulibe nkhokwe yosungiramo chakudya cha mawa: udikira chimene magazi aubweretsera nthawi yomweyo. Chotero mwana woyenda mtunda wautali kumka kusukulu m'mimba muli pululu avutika kutsata masamu. Phala lothira nsinjiro, mbatata yophika, ngakhale mkute womwe, zithandiza ndithu.

Koma kukhuta kokha sikukwanira. Iripo nthenda yotchedwa pellagra, imene igwira anthu odya chimanga chokha chokha popanda ndiwo zabwino. Khungu lida ndi kuwaluka pa malo oomba dzuwa, monga m'khosi ndi kunja kwa manja. Munthu atsegula m'mimba. Pambuyo pake nthendayo ifika ku ubongo: wodwala aiwala iwala, akwiya msanga, asowa tulo, ndipo ena azungulira mutu kweni kweni. Pamudzi zikatere anthu afulumira kuganiza za ufiti, chonsecho mankhwala ake ali m'munda momwemo.

Kale anthu ankayesa kuti nthendayi ndi yopatsana. M'chaka cha 1914 boma la America linatuma dotolo Joseph Goldberger kukafufuza m'zigawo za kum'mwera kwa dzikolo, kumene amphawi ankadalira chimanga. Iye anaona kuti m'nyumba zosungira ana amasiye ndi odwala misala, osungidwawo ankadwala koma owasamala ai. Atawonjezera mkaka, nyama ndi mazira pa chakudya chao, nthendayo inatha. M'chaka cha 1937 kunadziwika kuti chosowekacho ndi vitamini yotchedwa niacin. M'chimanga irimo, koma yomangika kotero kuti thupi lilephera kuitenga bwino.

Nthendayi si yakutali. M'chaka cha 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene anali m'misasa ya kum'mwera kwa Malawi, anadwala pellagra. Ufa ankalandira, koma mtedza umene ankagawiridwa unaleka kufika kwa miyezi ingapo. Mtedzawo utayambanso kugawidwa, pamodzi ndi mankhwala a mavitamini, odwala anachepa.

Apa mpamene mabanja ambiri alakwa. Mtedza ukacha, wonse umka kumsika, osasiyako ndi thumba limodzi lomwe, ndipo ana atha miyezi akudya nsima ya ufa woyera ndi masamba ophika ndi mchere wokha. Ndalama ndi yofunika, inde, koma dzanja limodzi la nsinjiro mu nkhwani ligwira ntchito imene ndalamayo singagwire ikathera ku shuga ndi zakumwa za m'botolo. Nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba ndi mazira nazonso zimanga thupi ndi ubongo. Mgaiwa uposa ufa woyera, pakuti pokonola ndi poviika zabwino zambiri zichoka ndi madeya ndi madzi.

Chachiwiri ndi tulo. Munthu akagona ubongo sugona wonse: ndiyo nthawi imene ulongedza zimene waphunzira usana kuti zikhazikike. Mwana wa zaka 6 kufikira 12 afunika kugona maora 9 kufikira 12, ndipo wamkulu maora 7 kapena kuposa. Mwana wochezera kugule, kukanema kapena pa foni, ndi kudzutsidwanso tambala woyamba kuti akatunge madzi, afika m'kalasi atatopa kale. Kugona m'masikito kuthandiza pawiri: udzudzu sudula tulo, ndiponso malungo apewedwa. Tiyi wa masamba ambiri asaperekedwe kwa ana madzulo.

Mphunzitsi asanalange mwana wosinza, ayambe wamfunsa chimene wadya m'mawa ndi nthawi imene anagona, ndipo ayang'anenso khungu la m'khosi ndi la manja. Akaona lada ndi kuwaluka, auze makolo kuti apite naye kuchipatala msanga, pakuti pellagra ichizika akaifulumirira.

Akulu nawonso achenjere ndi kachasu. Agonetsa msanga, koma tulo take nta padera padera, ndipo munthu adzuka ali wolefuka. Ndiponso womwa kwambiri sasamala kudya, chotero pellagra imgwira ngakhale m'nyumba mwake muli thumba la mtedza.