Chithunzi chabwino chimafera m'felemu

Wojambula amalawirira m'bandakucha kukadikira dzuwa pa phiri la Mulanje, n'kusindikiza chithunzi chachikulu cha A1, masentimita 59 ndi 84. Koma ikafika nkhani ya felemu, amayamba kuumira. Amangochipanikiza pagalasi, kumbuyo katoni ya sopo, basi.

Dzinja likafika, chinyezi chimachititsa chithunzicho kumatirira pagalasi. Mukati muchotse, chimasupuka. Katoni nayo ili ndi asidi amene amasandutsa pepala lachikasu. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amazunguliza kadibodi yopanda asidi m'mphepete, kuti galasi lisakhudze chithunzi, ndipo amachimata kumtunda kokha kuti pepala likamafutukuka lisakwinyike.

Zimakweza mtengo, inde. Nanga wogula amene chake chachita nkhungu chaka chisanathe, mukuganiza abweranso?