Nyimbo ya John Brown inafika bwanji pa Nsaru?

Loweruka masana pa Nsaru, Manchester United ikagoletsa, anyamata oonera mpira pakanema amadzambatuka pamabenchi n'kuyamba kuimba "Glory Glory Man United". Osewera a timuyi anaijambula mu 1983, koma maimbidwe ake ndi akale kuposa timu yeniyeniyo, ndipo kumene anadutsa kunalibe mpira, kunali chingwe chonyongera munthu.

Poyamba inali nyimbo ya misonkhano ya chitsitsimutso ku America, yoimbidwa panja ndi azungu komanso akapolo. Ndiye kunabwera John Brown, mzungu wopemphera amene ankakhulupirira kuti ukapolo sungathe ndi maulaliki okha. Mu October 1859 iye ndi anthu 21 analanda nkhokwe ya mfuti za boma ku Harpers Ferry, poganiza kuti akapolo a m'minda yozungulira athamangira kudzatenga zida. Sanabwere. Brown anagwidwa, ndipo pa 2 December chaka chomwecho ananyongedwa ku Charles Town, m'chigawo cha Virginia.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti mawu a "John Brown's Body" anayamba ngati nthabwala. Mu 1861, nkhondo yapachiweniweni itabuka, asilikali a ku Fort Warren, ku Boston, anali ndi mnzawo dzina lakenso John Brown. Ankamuseleula kuti iwe si unafa kale, ukuyendanso bwanji? Nthabwalayo anaiika m'nyimbo ya kutchalitchi ija. Magulu ena a asilikali ataimva sankamudziwa mnzawoyo, iwo anangoti ikunena za Brown wonyongedwa, amene thupi lake likuwola m'manda koma mzimu wake ukugubabe. Posakhalitsa inali pakamwa pa asilikali a kumpoto konse kwa America, akuda omwe.

Mayi wina wolemba ndakatulo, Julia Ward Howe, anaimva pafupi ndi Washington mu November 1861, n'kuipekera mawu aulemu odzaza ndi za m'Baibulo. Magazini ya Atlantic Monthly inawasindikiza mu February 1862 pa mutu wakuti "Battle Hymn of the Republic". Ndi yokoma ndithu, mpaka Martin Luther King anatsekera nayo mawu ake omaliza pagulu ku Memphis mu 1968. Komabe ine ndimaona kuti mayiyu anaisambitsa mopitirira: dzina la Brown mulibemo.

Mu January 1915, ku Chicago, Ralph Chaplin anaivekanso mawu ena n'kukhala "Solidarity Forever", yomwe mabungwe a anthu apantchito amaimba m'maiko ambiri. Mwezi womwewo, pa 23, kuno kwathu John Chilembwe anaukira atsamunda.

Apa ndiye nkhaniyi ikutikhudza. Chilembwe anapita ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897, n'kukaphunzira zaubusa ku Lynchburg, ku Virginia komweko, pasanathe zaka 40 Brown atanyongedwa. Pakati pa anthu akuda a kumeneko dzina la Brown linali lolemekezeka. Anabwerako mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. George Simeon Mwase, amene analemba mbiri ya kuukirako ali m'ndende ya Zomba cha m'ma 1932, anati Chilembwe ankawauza anthu ake za Brown, munthu amene anamenya nkhondo akudziwa kuti afera pomwepo. Akatswiri ena a mbiri amamukayikira Mwase, poti iye kunalibe ndipo anangomva kwa mkaidi mnzake. Zimenezo n'zomveka. Koma taonani mmene zinayendera: anthu ochepa, usiku, ulendo wokalanda mfuti kusitolo ya African Lakes ku Blantyre, chiyembekezo chakuti ena adzuka nawo, kenaka imfa ya Chilembwe pa 3 February.

Kusukulu tinaphunzira za Chilembwe, nkhope yake tili nayo pa K500 ndi K2000, pa 15 January timapuma. Za Brown aphunzitsi athu sanatchuleko.